Boyila ya m'gemu ya mkamwini wanga

Lolemba, 10 Juni 2024, Mpamba

Mwera kuyambira m'mawa. Bondo lakumanzere layambanso. Mwana wanga Doreen wafika kuchokera ku Kande, chikwama pamutu, laputopu ya mwamuna wake m'khwapa. Akuti sabwererako. Mlandu wake: mwamuna wakeyo, Austin, akaweruka kusukulu kumene amaphunzitsa, choko chikadali m'zala, amangofikira pa gemu. Sabata yatha Doreen anaphika dala ndiwo zopanda mchere masiku atatu. Munthu anadya, nathokoza. Ankhoswe abwera Loweruka.

Mayi a kunyumba, NyaManda, amene amandiitana mwachikwathu ndi dzina la mwana, akuti, "Awisi Doreen, a makina ndinu, tachionani chinthucho." Zaka 31 pa boyila ya fakitale ya tiyi, lero ndiziyesa zidole. Chabwino. Sindingaweruze chimene sindinachione.

Lachiwiri, 11 Juni

Doreen wandiyatsira, wandisonyeza mabatani anayi, n'kutuluka. Nkhani yake: kamunthu ka chipewa chachitali ndi magalasi a owotcherera zitsulo kamatsika m'mapanga a pansi pa mzinda. Konseko mapaipi a mkuwa, magiya, akangaude achitsulo oyendera nthunzi. Pansi penipeni akuti pali boyila yaikulu yofunika kuizimitsa.

Zolakwika n'zambiri. Kamunthuko kabereka boyila kumsana, moto uli lawilawi, malaya osapsa. Boyilayo ilibe valavu yotulutsira nthunzi ikachuluka. Kufakitale insipekita akanatitsekera tsiku lomwelo. Kakavulala kamatola buledi pansi, m'phanga, n'kudya, n'kuchira. Buledi wa ndani? Wagona masiku angati?

Ndafa kasanu ndi kawiri. Ndimafuna kungoona pang'ono. Batire ndiyo yandiletsa, ndipo sola lero yakana chifukwa cha mitambo.

Lachitatu, 12 Juni

Kunena chilungamo, phokoso analipeza. Nthunzi ikamathawa pa joini, ndi momwemo ndithu: kamluzu koonda kaja, kenako paipi n'kutsokomola. Ndinatsinzina, n'kupezeka ndili pa shifiti ya m'mawa, malemu Yakobe akuponya nkhuni za bulugamu m'ng'anjo, akuimba nyimbo za kwaya mosokoneza mawu. Zaka zisanu ndi chimodzi chimwalirire. Ndinangokhala. Kangaude anandidya ndili chikhalire.

Zoipa zina. Makonde onse ndi ofanana, ndazungulira limodzi kanayi. Ukafa umakayambira pamwamba, zonse unatola zapita. Chitseko chathabwa chimafuna kiyi, pomwe uli ndi mfuti yogumula khoma. Ndipo aliyense ukakumana naye amalankhula Chingerezi chachitali ngati zolengeza za kutchalitchi.

Chinangwa chimene NyaManda anayanika pamphasa kuti ndizichiyang'anira: mbuzi zadya. Ndanena kuti ndi mphepo. Akuti mwera wa chaka chino uli ndi ziboda.

Lachisanu, 14 Juni

Dzulo sindinalembe. Panalibe mpata.

Chipinda chachisanu ndi chimodzi: mavalavu anayi, geji, chitseko chokana kutseguka. Ndinangoseka. Madzi ayambe alowa, moto pambuyo, utulutse mpweya pa kavalavu kakang'ono, udikire singano ifike pakati. Chinatseguka. Apa okonza gemu anafunsa munthu wodziwa ntchito, ndawavulira chipewa.

Masana Austin anaimba foni, ati kufunsa za mkazi wake. Ndinamudzudzula mokwanira, monga kholo. Kenako ndinangotchulako za chipinda chija. Anandidula: "Adada, mwatsegula?" Iye wakhala pamenepo masabata atatu. Ndinamufotokozera zonse, mpaka za boyila yeniyeni, mmene tinkaimvera ndi khutu isanavute. Amafunsa mafunso anzeru mnyamatayu. Chipumire ntchito palibe anandifunsapo kanthu za boyila, ngakhale ana anga.

Tinacheza pafupifupi ola. Za Doreen sitinabwererekonso. Nditadula foni ndinamupeza Doreenyo ataima pakhomo, lichero m'manja. Anatembenuka, n'kubwerera kukapeta.

Loweruka, 15 Juni

Ankhoswe awiri. Austin mu jekete la paukwati, thukuta kamukamu. Ine ndinakonza pepala: zabwino zinayi, zoipa zisanu ndi zinayi. Ndinawerenga bwinobwino. Ndili pa nkhani ya buledi, nkhoswe ya kuchimuna ikuwodzera, Doreen anandidula.

Mawu ake ndiwalembe momwe anawanenera. "Gemuyo ine sindidana nayo. Ndatopa kulankhula ndi nkhongo. Ndili ndi pakati pa miyezi itatu. Ndinamuuza kawiri. Koyamba anati dikira ndiseve gemu. Kachiwiri anati zikomo."

Austin anatsetsereka pampando n'kugwada. Analira ngati mwana, mamina ndi misozi pa jekete lonse. Kwa ine ndi mdzukulu woyamba. Ndinafunsa chifukwa chake ine bambo wake ndikumvera pabwalo. NyaManda anayankha osandiyang'ana: "Ndinakuuzani Lachinayi. Munati ikani patebulo."

Ankhoswe anaseka mpaka wina kutsamwa ndi tiyi. Pepala langa ndinalipinda.

Chigamulo: Doreen abwerera kwa mwamuna wake. Laputopu ndi ya ntchito za kusukulu, gemu Loweruka masana basi, chaja azisunga Doreen. Austin anavomera zonse asanamalize n'komwe kunena. Potuluka anandinong'oneza kuti m'chipinda chachisanu ndi chiwiri muli chiyani. Ndinamuuza kuti akagwire chikwama cha mkazi wake. Muli ng'ona yachitsulo, koma akaione yekha.

Choipa chachikhumi, chimene sindinachilembe papepala: gemuyi ili ndi mpando umodzi.

Lachiwiri, 18 Juni

Anapita Lamulungu titaweruka kutchalitchi. M'nyumba muli zii. Ndinasiyira chipinda chachisanu ndi chitatu, boyila yaikuluyo sindidzaiona. Zala zikumangodina tebulo zokha.

Lero ndaperekeza NyaManda kudambo kukavuula chinangwa. Beseni ndinanyamula ine, amayi a m'njira kusiya zochita n'kumandiyang'ana. Bondo likudandaula. Titabwerako ndinakoka mpando pakhonde, n'kukhala moyang'anizana nawo pamene ankasenda. Ali ndi imvi chakumanzere zimene sindikuzidziwa. Kachipsera pachibwano, akuti n'ka chaka chimene Doreen anabadwa, ine ndili kushifiti.

Anapirira pang'ono. Kenako, "Awisi Doreen, mukudwala? Yang'anani kumbali, mukundiopsa."

Sindinayang'ane kumbali. Apita kwa a Rose, anamwino opuma aja, kukabwereka choyezera BP.