Ndinaba Mayendedwe Anu

Amayi anga, kumeneko muliko bwanji kodi?

Kuno mvula yabweranso, yachiwiri chikuikireni m'manda. Dera lathu la Kanyama ndi lomwe lija, mukulidziwa. Sabata yatha madzi analowa m'nyumba mpaka kumiza miyendo ya bedi, ndipo ndinatha masiku awiri ndikukapa ndi ndowa, msana kuchita kuuma. Njerwa zija munaziyala kuchokera pakhomo mpaka pamsewu zilipobe. Ziwiri zinasweka, ndinaikapo zina. Anthu onse a m'layini mwathu amapondapo, koma palibe ndi mmodzi yemwe wokumbukira kuti amene anazisenza pamutu ndinu. Zimandipsetsa mtima, koma nanga ndikalipira yani?

Kamunda kanu ka kuseri kwa mpanda wa fakitale kanandichititsa manyazi. Chaka chatha chimanga chinapsa ndi dzuwa, ndinakolola chosadzaza ndi beseni lomwe. Chaka chino ndadzala mochedwa, udzu wandipitirira. Mukanaona mukanagwira pakamwa. Patebulo panu pamsika tsopano pali mayi wina wogulitsa salaula, zovala za kaunjika zija. Ndi munthu wabwino, amandipatsa moni, koma ine ndimadutsa njira ina.

Nkhani yaikulu ndi iyi: ba Esinati achira. Ndi mwana wamkazi, ndipo amutcha Zelipa, dzina lanu. Watha miyezi iwiri. Anthu akuti mphuno ndi yanu yeniyeni. Ndikuti "anthu akuti" chifukwa ine sindinamunyamulepo, Amayi. Akulu anga enieni, bere limodzi, akana kuti ndimukhudze. N'chifukwa chake ndakhala pansi kuti ndikulembereni, poti pakati pa mkanganowu pali inu.

Mukuikumbukira ntchito yanga ija munkaiseka, yovina ku holo yakale ya ku Chilenje? Munkati, "Gule wanji wopanda nyimbo yoti munthu n'kuvomera? Anthu akuluakulu kumagubuduzika pansi ngati alowedwa ndi linthumbu!" Ndidakali komweko. Sitiyankhula, nkhani yonse timaifotokoza ndi thupi, ndipo kumbuyo kwathu kumakhala chinsalu choyera chimene makina amaponyapo zithunzi ndi mitundu ya kuwala. Ba Chanda, aphunzitsi athu a ku Kitwe aja, anasankha nthano ya bilimankhwe ndi buluzi. Ine ndinkaidziwa kale, ndinaimva kwa inu. Tinkachokera kokaoda matimati kumsika wa Soweto, n'kupeza bilimankhwe ali pawaya. Munalavula, n'kunena kuti, "Kameneka ndiko kanatiphetsa. Chauta anakatuma kukauza anthu kuti akafa adzauka, iko n'kumayenda monyada. Buluzi anathamanga n'kukafika ndi uthenga woti akafa apitiratu. Kakanafulumira, bwenzi atate ako alipo." Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndinakagenda.

Za tsiku lija munatisiya sindinakuuzenipo mbali yanga. Ba Chanda ali ndi lamulo: tikamalowa kokonzekera, mafoni onse timaponya m'ndowa ya pakhomo, ndipo palibe woigwira mpaka titamaliza. M'mawa uja ndinakusiyani m'chipatala mutamwa phala pang'ono, inu n'kuti, "Pita kumagule akoko, ndili bwino." Ndinapitadi. Pamene ndinkatulutsa foni m'ndowa cha m'ma folo koloko, ba Esinati anali ataimba mpaka kutopa. Minibasi inatitimira m'madzi tisanafike n'komwe. Ndinatsika, nsapato m'manja, n'kuthamanga. Ndinapeza atakufunditsani kale nsalu mpaka kumutu. Ba Esinati sanandikalipire tsikulo. Anangoti, "Anakufunsa katatu." Chakudza sichiimba ng'oma, inde, munkatero. Koma changachi chinaimba, Amayi, chinaimba m'ndowa, ine ndikuvina.

Maliro atatha ndinabwerera ku holo, chifukwa m'nyumba munkandiopsa ndi zii. Ba Chanda anagawa malo, ndipo mwa anthu onse, bilimankhwe anagwera ine. Sankadziwa kanthu za kuchedwa kwanga, ndinali ndisanawauze. Kwa milungu itatu ndinalephera. Ndikayenda pang'onopang'ono, iwo kuwomba m'manja mokwiya: "Iwe Tamala, uyenda monga mkwatibwi! Uyu ali na uthenga wolema, ayopa kuugwetsa. Bwereza!" Ndinabwereza mpaka zala zakuphazi kutuluka matuza.

Tsiku lina nditatopa, ndikufuna kungosiya zonse, miyendo inachita yokha. Phazi linanyamuka, n'kuima m'malere, kufufuza popondapo, kubwerera pang'ono, kenako n'kutera. Dzanja lamanzere linapita m'chiuno, khosi njo ngati pali beseni pamutu. Ndi mmene munkayendera panjerwa zija miyendo itayamba kutupa, madzi ali mbali zonse, matimati ali pamutu, osafuna kugwetsa ngakhale limodzi. Anzanga onse anaima n'kundiyang'ana. Ba Chanda ananong'ona kuti, "Ni vamene ivo. Osachinjako olo pang'ono." Ndinathawira kuchimbudzi kukalira, koma nditabwera ndinachitanso, ndipo mawa lakenso.

Chitenje chanu chobiriwira chija, chofwifwa m'mphepete, ndi chimene chinagwera ine pogawa zovala. Ndinayamba kuvinira chomwecho. Makina aja akaponyapo kuwala chimasintha, pano chofiira, pano chachikasu, pano chakuda ngati madzi a m'ngalande, ndipo kumbuyo kwanga chithunzithunzi changa chimakula mpaka kudenga. Mnzanga wovina buluzi amandidutsa ngati mphepo. Pamene ndikufika kutsogolo, anthu amene ndawatengera uthenga agona kale pansi, ndipo ndimawagwedeza mmodzimmodzi, osadzuka. Gule amathera pomwepo.

Kupusa kwanga kunali kuitana ba Esinati. Ndinkati mwina akaona adzamvetsa kuti nanenso zimandidya. Anabwera Loweruka masana, ali ndi pakati potopa, atavala diresi lawo lakutchalitchi, n'kukhala mzere wachiwiri. Nditangoponda kachitatu ndinamva mpando ukugwa. Sindinatembenuke, koma ndinadziwa. Titamaliza, anthu akuwomba m'manja, ndinawapeza panja atatsamira khoma.

"Tamala, wasandutsa amayi chinyau? Pamene anali kukuitana sunabwere. Manje wawaika pa steji, na miyendo yawo yotupa, kuti anthu a kumayadi awaombere m'manja?"

Mukuudziwa mlomo wanga, munkati ndinatengera azakhali. M'malo mogwada, ndinawayankha kuti iwo amangodziwa kulira mokweza pamaliro kuti anthu awaone. Aaa, Amayi! Munthu amene anakusambitsani miyezi inayi, amene anakutsekani maso ine kulibe. Mawu aja atangotuluka ndinafuna kuwameza, koma madzi akatayika saoleka. Anakwera minibasi osandiyang'ananso.

Mwana atabadwa ndinagula kabulangete ndi sopo n'kupita kwawo ku Chawama. Alamu anandilandirira pakhomo, maso ali pansi, ndipo ba Esinati anayankhulira mkati. Akuti mwana amalira kwambiri, thupi limatenthatentha, ndipo abusa a kutchalitchi chawo chatsopano chija anawauza kuti wina m'banja akudzutsa malemu. Akuti mwana wotenga dzina la womwalira safunika kuti mwini dzinayo azisokonezedwa, ndipo ine ndikamayenda mayendedwe anu, nditavala chitenje chanu, ndikukuitanani kuti mubwere mudzatenge dzina lanu. "Ukaleka kuvina amayi, ubwere umunyamule. Ukapanda kuleka, usapondenso pano." Ndinamumva Zelipa akulira kuseri kwa katani, pafupi ngati apa ndi apo. Kabulangete ndinakasiya pampando wapanja.

Ine za abusawo sindizikhulupirira. Mwana wakhanda wa ku Chawama nthawi yamvula, udzudzu uli ponseponse, angalephere kutentha thupi? Ndipo inu, amene munkagawira ana a eni mabanzi anu omwe, mungabwere kudzavutitsa mdzukulu wanu? Ndinakwiya mwezi wathunthu. Koma ndikuuzeni chimene sindinauze munthu. Mawu anu ayamba kundithawa, Amayi. Zimene munkanena ndikuzikumbukira, koma kamvekedwe kake ndikakafuna sindikupeza. Pafoni palibe pamene ndinakujambulani mukuyankhula, ndinkati nthawi ilipo. Chatsala ndi mayendedwe ajawa. Mphindi zochepa zija ndikamawoloka steji, mumakhala m'miyendo mwanga, ndimamva kulemera kwa beseni lanu, ndimadziwa pamene bondo linkakuwawani. Ndikasiya, ndikuopa kuti mupitiratu.

Ndiye ndinkati ndisankhe chiyani? Ubale ndi fupa, suola, munkatiuza tikamenyana chifukwa cha sopo. Koma fupa limathyoka, ndaona ndi maso anga.

Dzana alamu anandiimbira mobisa. Mwana anagonekedwa kuchipatala masiku awiri, watuluka, ali bwinoko. Akuti ba Esinati sakudya, amangoyang'ana pakhomo. Sanatchule dzina langa, koma alamu akuti akudziwa amene akumuyembekezera. Foni ija nditaika pansi ndinaona ndowa ya ba Chanda m'maso mwanga.

Dzulo ndinawauza ba Chanda zonse, kuyambira tsiku lachipatala. Anati gule wayitanidwa ku Livingstone mwezi wamawa, ndiganize bwino, mwayi wotere subwera kawiri. Ndinati ndaganiza. Anandipempha kuti ndiphunzitse Mutinta, mtsikana amene alowe m'malo mwanga. Ndamuphunzitsa kukweza phazi, kudikira, kutembenuza mutu. Dzanja la m'chiuno sindinamuonetse, ngakhale kabondo kaja. Bilimankhwe wake ndi wokongola, anthu adzamukonda, koma ndi bilimankhwe chabe. Ndinaonerera ndili pabenchi, ndipo mtima unandiwawa kuposa tsiku logawa zovala.

Lero m'mawa, madzi asanaphwe, ndinavala chitenje chanu n'kuyenda panjerwa zanu kuchokera pakhomo mpaka pamsewu, komaliza. Amayi a pa nyumba yoyandikana anali akutsuka mbale. Anaimirira, mbale ili m'manja, n'kuyamba kulira. Ndiye kuti alipo wina amene amakumbukira, ndinawanamizira.

Chitenjecho ndachichapa, chili pachingwe. Mawa ndikupita nacho ku Chawama kuti chikakhale mbereko ya Zelipa, ngati mayi wake angalole. Mwina akachiona akachitaya kudzala, mwina sakanditsegulira n'komwe chifukwa cha mawu anga aja. Sindikudziwa. Ndikagwada pakhomo, ndipo ndikakhala pomwepo mpaka atatopa nane.

Mundikhululukire kuti ndinakubani mayendedwe osapempha, ndiponso kuti tsopano ndikuwasiya. Ngati pakapita zaka ndidzaiwala phazi limene linkayamba, musadzandiyese wosakukondani.

Ndikukulonjezani chinthu chimodzi. Foni yanga sidzalowanso m'ndowa ya munthu aliyense. Zelipa akadzafunsa kuti, "Tamala wafika?" ameneyo sadzafunsa katatu.

Ndine mwana wanu wokukondani, wochedwa uja,

Tamala