Elakai wa Appa akundiumira ku Batticaloa

Aphungu,

Pepani, ndiyamba ndi kulira. Ndine mtsikana wa zaka 24, mphunzitsi wa masamu, kwathu ndi kumapiri ku Maskeliya m'minda ya tiyi. Chaka chatha ndinakwatiwa kuno ku Batticaloa, m'mphepete mwa nyanja kum'mawa kwa chilumba chathu chino. Mwamuna wanga Pratheepan ndi munthu wabwino zedi, vuto si iyeyo ayi. Vuto ndi elakai, chomera chija cha njere zonunkhiritsa tiyi.

Bambo anga, Appa, anali ndi phata la elakai kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa jakifuruti. Njere zake ankayanika okha n'kumaponya ziwiri mu tiyi wa m'mawa, nyumba yonse fungo lokhalokha. Anamwalira mu Januwale, ndipo nyumbayo, poti inali ya kampani, tinabweza. Tsiku losamuka ndinakumba kachigawo ka phatalo, matsinde atatu. Mkulu wanga Thilaga, amene anakwatiwa ku Nawalapitiya, anati, "Ndipatse ine, kwanu kuja ukakawotcha." Ine ndi kukamwa kwangaku ndinayankha kuti, "Akka, achemwali anga, inu munathirirako liti? Mumangodziwa kumwa tiyiyo basi." Kuyambira pamenepo foni zathu ndi za moni yekha.

Aphungu, ndinachita zonse! Ndinawerenga kuti elakai amakonda mthunzi, ndiye ndinamubzala pansi pa nimu wamkulu wa pabwalo, pamene dzuwa silifika n'komwe. Ndimathirira katatu pa tsiku, madzi a pachitsime, ndisanapite kusukulu, ndikabwera, ndi madzulo. Koma chiyambire mphepo yotentha ija ya kachan mu Juni, masamba akupsa m'mphepete ngati wina wawayandikiza pamoto. Matsinde awiri auma kale. Latsala limodzi lokha.

Apongozi anga, Maami, amandiseka. Dzana anandipeza nditagwada pamenepo ndiye akuti, "Mtsikana wa kumapiri, ukanamusamala choncho mwana wanga bwenzi atanenepa ngati ng'ombe ya kukachisi." Ndinaseka, koma nditalowa m'bafa ndinalira. Pratheepan naye akuti, "Elakai ali mbwee kumsika, ndikugulire kilo?" Samvetsa. Kuno kulibe nkhungu, Aphungu. Ndimadzuka thukuta lili kamukamu, n'kumalakalaka kuzizira kuja kumene ndinkadana nako ndili mwana, Appa atavala chipewa chaubweya akutsokomola pakhomo. Ndikafikisa tsamba la elakaiyo m'manja n'kununkhiza, ndimafika kwathu kwa kamphindi.

Ndigule feteleza wanji? Kapena ndimangire neti yamthunzi? Chonde, ichi ndi chinthu chamoyo chokhacho chimene Appa anagwirapo chimene ndili nacho.

V.S., Batticaloa


Mwana wanga V.S.,

Pepa ndi maliro a bambo ako. Tsopano pukuta misozi umve, chifukwa nthawi yatha.

Sunalakwe kuwerenga, unangowerenga theka. Mthunzi suli umodzi pachilumba chino. Wa kwanu ndi wozizira, wonyowa, pansi pali masamba owola ofika m'kakolo, nkhungu ikunyambita zomera m'mawa uliwonse. Wa pansi pa nimu wakowo ndi wouma, pansi pali mchenga, ndipo mizu ya nimuyo ikumwa madziwo elakai asanalawe. Elakai ndi mwana wa kumapiri. Ngakhale utamumangira neti ya golide, ku Batticaloa sadzabereka, ndipo kachan akangomupeza ali wofooka amutsiriza.

Chachiwiri, lawa madzi a pachitsime chanucho. Zitsime zambiri za pafupi ndi nyanja zimakhala ndi kamchere, makamaka chilimwe chino. Ngati ndi choncho, katatu pa tsiku kaja wakhala ukumuthira mchere katatu. Feteleza usayese n'komwe, angamuwotcheretu.

Lero lomwe, fukula pang'onopang'ono ndi manja. Gwira chinthu chonga jinja chili pansicho. Ngati chafewa n'kumanunkha, chapita, ndipo ulire momasuka. Ngati chili cholimba, ali moyo. Mutsuke ndi madzi akumwa, dula zouma, mukulunge m'chiguduli chonyowa pamodzi ndi makoko a kokonati, umuike m'nyumba pozizira. Loweruka ukwere naye basi.

Kupita kuti? Ukudziwa kale. Ku Nawalapitiya kuli mvula, kuli mthunzi umene iye amaudziwa. Thilaga ananena zoona, ngakhale anazinena pa tsiku loipa, ndipo iwe unamulasa pa tsiku limene nayenso anali wamasiye. Sukufunika kukonza mawu ambiri. Munthu akafika pakhomo atanyamula chiguduli chonyowa, mkulu wake amadziwa chimene chabwera. Mukabzale awiri. Pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, njere zikayamba, azikutumizira m'kabotolo, ndipo tiyi wa Appa udzamwera ku Batticaloa konko.

Pansi pa nimu paja usasiye bwinja. Bzala m'miphika, kuti mizu ya mtengo isakubere madzi: jinja, chikasu, ndi rampe wonunkhiritsa mpunga uja. Zimenezi zimapirira mthunzi wotentha. Kumene kumatsikira madzi a pachitsime ika koko. Ufunse Maami nthawi yobzala. Amene amakusekayo wakhala ndi mchenga umenewo zaka zambiri kuposa zako zobadwa, ndipo nthabwala zakezo zikundionetsa kuti waona kale kuti ukusowa kwanu. Mvula ikadzabwera, tchera migolo.

Kulakalaka kwanu si matenda, ndipo sikutha chaka chino. Umuuze Pratheepan mosazungulira kuti si elakai wa kumsika ukufuna, ndi bambo ako. Amuna ena amafuna kuwauza ngati ana a sitandade wani.

Koma ndikuchenjeze. Usanene kuti "ndidikire mvula ya Okutobala, mwina atsitsimuka." Ndikudziwa mtima umenewo, umafuna kumusunga pafupi sabata imodzi yokha, kenako ina. Kachan watsala ndi miyezi iwiri. Tsinde lakolo silifika kumeneko.

Aphungu