Nyimbo Ikhale Yaitali

Lachitatu, pa 9 Ogasiti

Okondedwa achemwali,

Kalata yanu ndailandira. Mwapempha malangizo pa ukwati wa mwana wanu, poti ine ndakwatitsa mzime wanga mwezi wathawu. Sukulu ndinaisiyira panjira, koma zimene ndaona ndi maso angawa ndikuuzani, ngakhale kukamwa kukuwawabe.

Choyamba, musalembe ntchito munthu wokonza maukwati. Ife anatibweretsera mayi wina amene ndinamutcha Mayi Wotchi, chifukwa akamalankhula nawe maso amakhala pamkono pake. Anadza ndi maluwa apulasitiki onunkha fumbi la maukwati a eni, ndi keke yosanjikiza imene kumunsi kwake kunali makatoni opakidwa zoyera. Alendo ankaijambula akumeza malovu, osadziwa kuti akusirira katoni.

China, chenjerani ndi tsiku loyeserera. Mukudziwa mmene mwendo wanga ulili chigwereni padenga paja. Tinalowa m'tchalitchi mwana atandigwira mkono, nyimbo n'kutha ife tili pakati. Mayi Wotchi anaomba m'manja.

"Adadi, takokani phazi. Si maliro awa."

"Ibwerezeni nyimboyo," ndinatero ine.

"Tikabwereza vidiyo siikoma."

Tinayesanso, chimodzimodzi. Pamenepo anakodola mlamu wanga, mlongo wa mayi akunyumba, uja wodzola mafuta onunkha ngati sopo wa kuchimbudzi. Munthu amene mwanayu atagonekedwa m'chipatala ndi chikuku sanabwere ngakhale kudzasuzumira. Anayenda naye mwanayo, nyimbo n'kuthera paguwa penipeni, onse m'manja. Ndinayang'ana mwana wanga kuti anenepo kanthu. Iye anayang'ana nsapato zake, n'kuti, "Ababa, n'kulowa chabe. Inu mupumitse mwendo."

Tsiku la ukwati anandikhazika kutsogolo ndithu, koma kuseri kwa mtsuko wa maluwa aja. Mwana amene ndinamuphunzitsa kuyenda ndinamuonera m'mipata ya masamba apulasitiki. Potuluka, akuchimuna ankagwira chanza mlamu uja, amvekere, "Mwalera bwino, bambo." Iye n'kumavomera, mano onse pamtunda. Chakudya sindinachikhudze. Vidiyo yawoyo anatumiza, ili pamwamba pa kabati. Mwanayo amaimba foni, ine ndimauza mayi ake kuti anene kuti ndagona.

Ndiye malangizo anga ndi amenewa. Musayambe ndi kufunsa kuti zidzaoneka bwanji, yambani ndi kufunsa kuti ndani adzaime pati. Maluwa amabwezedwa kwa eni ake mawa lake, koma chithunzi chimakhala pakhoma mpaka imfa, ndipo chikanama palibe wochitsutsa.

Za ine musade nkhawa. Masiku ano ndimayenda m'mawa uliwonse, kuchoka pakhonde kukafika pageti ndi kubwerera, popanda ndodo. Sikuti pali chifukwa, ndangokonda kamphepo ka m'mawa. Suti ya paukwati ija ndaikulunga bwino kuti njenjete zisaidye, ndipo nsapato zikadali zatsopano, poti sizinayende ulendo umene ndinazigulira.

Mundiperekere moni kwa onse, makamaka mkwatibwi wathu. Mwalemba kuti chimwalirireni bambo ake sakudziwa amene adzamulowetse. Ine sindikupempha kanthu, alipo ena a miyendo yabwino. Mungomuuza kuti amalume ake akuti, aliyense amene angamusankhe, nyimbo ikhale yaitali.

Ndine mlongo wanu,
Mmisiri wa madenga uja