Bambo Amamva ndi Mano pa Besi ya Eni Ake

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 34, ndimakhala ku Entumbane kuno ku Bulawayo pamodzi ndi makolo anga. Ndinabadwira konkuno, ndiye mukaona Chichewa changa chikutsimphina mundikhululukire, pakhomo timachisakaniza ndi Chindebele. Ndili ndi nkhani yomwe yandisowetsa mtendere, komanso ndikaiganiza ndimangogwira pakamwa.

Masana ndimakonza mafoni ndi mawailesi pakashopu kena m'tauni. Koma matenda anga enieni ndi magitala a besi, aja a nsambo zinayi zonenepa. Ndimatola otchipa, omwe eni ake anawataya mtima, n'kuwadzutsa. Ndimapala penti, ndimasintha makiyi omangira nsambo, ndimamata tepi ya kopa m'kati kuti asamalire ngati njuchi ukawalumikiza ku ampu, bokosi lija lokweza mawu. Kafupa kokhalira nsambo kumutu ndimasema ndekha kuchokera ku fupa la ng'ombe la kubutchala. Anzanga amandiseka kuti akazi Loweruka amakaluka tsitsi, ine ndili mbuu ndi fumbi la sandipepala. Aziseka, ine besi ikalira bwino ndimaiwala ndi kudya komwe.

Miyezi itatu yapitayo kunabwera a Macdonald, omwe amaimba besi m'kwaya ya kutchalitchi kwawo ku Makokoba, dera lina la mu Bulawayo momwemuno. Anabweretsa besi yofiira, yopepuka, yokalamba, makiyi awiri atamangidwa ndi waya. Inali ya achimwene awo omwe anamwalira, ndipo iwo anaphunzirira kuimba pa yomweyo. Anagula okha mapikapu atsopano, timaginito tija totola kulira kwa nsambo, n'kundiuza kuti, "Sisi, ndikusamukira ku Joni kumapeto kwa Ogasiti. Ndikufuna ndipite nayo ikulira ngati ya anthu." Ndinavomera.

Ndinapala penti yonse. Pansi pake ndinapeza thabwa loyera lachabechabe, loti kalipentala sangapangire ndi mpando womwe. Ndinalipaka mafuta, ndinalimbitsa khosi, ndinaika mapikapu aja ndi nsambo zatsopano.

Ife okonza tili ndi kachizolowezi kathu. Tisanalumikize besi ku magetsi, timaika chibwano kapena mano pathabwa n'kukhudza nsambo, kuti timve ngati thabwalo lili ndi moyo. Kulirako kumadutsa m'mafupa mpaka m'mutu. Lamlungu lina masana ndinali pakhonde ndikuchita zimenezi, nditaluma mutu wa besi ngati galu wapeza fupa, bambo ali chapoteropo akundiyang'ana.

Bambo anga, a Lemson, ali ndi zaka 71. Anabwera kuno kuchokera ku Dedza ali mnyamata, n'kugwira ntchito yosungunula zitsulo mpaka kupuma. Zaka khumi ndi chimodzi zapitazo makutu awo anayamba kutuluka mafinya, kenako anatsekeratu. Kuchokera pamenepo timalankhula nawo ndi manja, kapena mayi amawalembera kuseri kwa kalendala. Munthu amene kale ankatsogolera nyimbo pamaliro a Amalawi ku Makokoba anasanduka wongokhala phee, kuyang'ana milomo ya anthu. Ngakhale nditatsegula ampu mpaka aneba kudandaula, iwo ankangoti simenti ikunjenjemera.

Tsikulo anandikodola n'kundifunsa mokweza, paja sadzimva okha, "Iwe Temwa, ndi njala yanji yodya gitala?" Ndinaseka n'kuwapatsa kuti ayese, mwamasewera chabe. Anaika mano akutsogolo pamutu wa besi. Ndinakhudza nsambo yaikulu kamodzi.

Aphungu, ndikulemba pano thupi likuchita tsembwe. Bambo anadzidzimuka, kuisiya besi ija, kuyang'ana kudenga, kuyang'ana kugeti, kufunafuna komwe zachokera. Kenako munthu woti zaka zonsezi amalankhula mokuwa ananong'ona kuti, "Bwerezanso." Analumanso, ine ndinabwereza. Anatseka maso. Ndinayamba kuimba pang'onopang'ono nyimbo ina ya kwaya yomwe ankaikonda kale, ndipo nditafika pakati ndinamva kung'ung'udza. Anali iwo, akutsatira, mano ali pathabwa, osaphonya. Mayi anatuluka m'khitchini mpeni wa anyezi uli m'manja, n'kungokhala pansi pasimenti. Ine misozi inkagwera pansambo zatsopanozo, osasamala zoti zichita dzimbiri.

Titamaliza bambo anapukuta thabwa ndi malaya awo n'kunena kuti, "Pamzere wachitatu walakwitsa, umatsika msanga." Ndipo ankanena zoona.

Kuyambira tsiku limenelo, ndikamatsika kombi ndimawapeza atakhala kale pakhonde, besi ili pamiyendo. Timaimba mpaka dzuwa kulowa. Akundiphunzitsa nyimbo zomwe sindinazimvepo, za ku Dedza, za kumaliro, zina za m'mabawa a ku Makokoba zomwe mayi amati asandiphunzitse. Ayamba kudya bwino, ayambanso kumeta ndevu, dzana amakangana ndi aneba nkhani ya mpira. Pamutu wa besi pachita kale tizipsera tinayi ta mano.

Ndili ndi mabesi anga anayi, ena abwino kuposa iyi kutalitali. Onse anawaluma. Amati, "Awa ndi osalankhula, amangonjenjemera." Ina yomwe ndimainyadira, yolemera, ya thabwa la mukwa lomwe ndinasema ndekha, anaibweza asanathe ndi mzere umodzi womwe. Sindikumvetsa. Ndachita zimenezi zaka zisanu ndi zinayi, kawaya kalikonse ndimakadziwa, koma kathabwa kotchipa aka kachita zomwe ine sindingafotokoze. Nthawi zina ndimaopa ndi kukagwira komwe.

Tsopano tchimo langa ndi ili. Besi inatha kale, milungu isanu yapitayo, koma a Macdonald ndakhala ndikuwanamiza. Poyamba ndinati mafuta sanaume. Kenako ndinati pikapu imodzi ikuvuta. Sabata yatha anafika okha pageti, ine ndinathamanga kubisa besi pansi pa bedi n'kuwauza kuti ndaisiya kushopu. Anandiyang'ana kanthawi n'kunena kuti, "Kulungile, palibe vuto sisi, ndikukhulupirirani. Basi yanga ndi ya Loweruka pa 30." Mawu amenewo akundibaya mpaka lero. Bambo sadziwa kuti besi ili ndi eni ake, amaitcha "makutu anga".

Mtima wina ukundiuza kuti ndipange besi ina yofanana nayo, ndiipake mafuta omwewo, ndiikemo mapikapu awo, ndiwapatse imeneyo. Luso ndili nalo, ndipo sangazindikire msanga poti penti yofiira ija inachoka. Mtima wina ukuti ndikatero ndaba chinthu cha malemu. Koma ndikaipereka, bambo abwerera m'chete muja, ndipo ulendo uno wowabwezamo ndikhala ine. Kwatsala masiku khumi ndi awiri. Ndichite bwanji?

T.L.B., Entumbane, Bulawayo

Achemwali T.L.B.,

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, kenako ndinaluma tebulo la muofesi muno n'kuligogoda ndi chala, anzanga n'kumandiyang'ana ngati zandisokonekera. Ndamvadi kugogodako m'mutu. Ndayankha makalata ambiri, a mabanja, a apongozi, a chikondi chozizira, koma ya munthu womva nyimbo ndi mano ndi yoyamba, ndipo yandisiya kukamwa kuli yasa. Chichewa chanu musachidandaule, chafika bwinobwino. Mwaona chinthu chachikulu pakhonde panupo, ndipo n'zomveka kuti mukuopa kuchitaya.

Koma tiuzane zoona. Maganizo opanga besi yabodza aja muwataye lero lomwe. A Macdonald anaphunzira kuimba pakhosi limenelo, dzanja lawo limalidziwa kuposa maso. Tsiku lomwe adzazindikire ali ku Joni, mudzakhala mwawalanda achimwene awo kachiwiri. Inunso madzulo aliwonse muzidzaimbira bambo anu pa katundu wakuba, ndipo mwa mmene mwalembera kalatayi, mtima wanu sungapirire zimenezo.

Mawa lomwe aimbireni foni, muwaitane abwere nthawi yomwe mumaimba ndi bambo. Asanalowe pageti auzeni kuti besi inatha kale ndipo mwakhala mukuwanamiza. Musakometse, musayambe ndi zifukwa. Pepesani, kenako muwalowetse akadzionere okha. Akaona, pemphani kuti akubwerekeni mpaka Disembala, pomwe a ku Joni amabwera kutchuthi, iwo atengeko imodzi mwa mabesi anu anayi. Asankhe okha, ngakhale itakhala ya mukwa mumainyadirayo. Kupempha si kuba. Kungoti wopempha amakonzekera mayankho awiri. Akakana, musawaonetse nkhope yakuda, musawapanikize ndi misozi ya mayi. Nawonso ali ndi maliro awo pathabwa limenelo. Apatseni besi yawo, ndipo zipsera za mano zija muwaonetse, musazipale mobisa.

Bambo nawonso auzeni. Munthu amene anakugwirani kulakwitsa pamzere wachitatu si mwana woti muzimubisira zinthu. Alembereni kuti besi ndi ya yani ndipo ikuyenera kupita liti. Adandaula, inde. Koma munthu wotsogolera nyimbo pamaliro amadziwa kulemera kwa katundu wa malemu kuposa inu ndi ine, ndipo mwina wopempha bwino kwa a Macdonald ndi iwowo.

Pali china chomwe mwachilumpha chifukwa cha chimwemwe ndi mantha. Ine si dokotala, koma ngati munthu akumva kudzera m'mafupa, n'kutheka kuti m'kati mwenimweni mwa khutu mudakali moyo, yatsekeka ndi njira chabe. Pitani nawo kuchipatala cha makutu sabata ino, mukafotokoze zonse monga mwandifotokozera ine. Besiyo mukwere nayo kombi, madokotala akaone ndi maso. Kuli tizipangizo tina tothandiza kumva todalira fupa la kuseri kwa khutu. Sindikulonjeza kuti tiwathandiza bambo, zimenezo akanena ndi odziwa. Koma musadikire kuti besi ichoke kaye, pitani idakali m'manja.

Ndipo inu amisiri, kathabwako musakaope, kaphunzireni. Masiku atsalawa kayezeni kulemera kwake, kunenepa kwake, mmene khosi lakhalira. Mwanena nokha kuti ndi kopepuka ndipo munakachotsa penti. Mabesi otchipa a mtundu umenewo alipo m'nyumba za anthu ku Lobengula ndi ku Makokoba, akudya fumbi kuseri kwa mawadiropu. Tengani bambo muziyenda nawo, iwo aziluma, inu muzikhudza nsambo. Woyesa wodziwa kuposa ameneyo simudzamupeza. Muzipukuta thabwa asanalume, ndipo penti yakale asamaimeze, ina ili ndi poizoni. Mano a munthu wamkulu sachedwa kugwedera, choncho aziyesanso kugunditsa chibwano kapena fupa la kuseri kwa khutu.

Besi idakali m'nyumbamo, yesani ichi. Ngati thabwalo limanyamula kulira kwa nsambo, mwina linganyamulenso mawu a munthu. Bambo alume kumutu monga mwa masiku onse, mayi agunditse chibwano chawo molimba kumunsi kwa thabwa, inu nsambo musazikhudze. Mayi awaitane mmene ankawaitanira kale, pang'onopang'ono, ndi mawu apansi.

Chenjezo langa ndi lakuti musawalonjeze kanthu awiriwo, chifukwa mwina sizitheka, ndipo kukhumudwa kwa okalamba kumachedwa kupola. Koma bambo akayankha, musaime pamenepo kudikira kuti akuyamikeni. Tulukani mukakhale kumsewu. Mayi anu ali ndi zowauza amuna awo, ndipo si zoti mwana azimva.

Aphungu