Nkhoswe Wanga ndi Botolo la M'buti

Oshawa
12 Okutobala

Okondedwa achimwene a Laban,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Nanga msana uja unasiya kuvuta, kapena mukugonabe pansi pa maminibasi ku Biwi ngati mnyamata? Amayi ali bwanji ndi kuthamanga kwa magazi kuja? Ife kuno tilipo, tikudzuka.

Musadabwe kuti ndalemba papepala m'malo mokuimbirani. Mayi Hilda a kutchalitchi kwathu akukwera ndege mawa kubwera ku Lilongwe, ndiye ndawapempha kuti akupatseni m'manja. Mawu a pafoni ndatopa nawo, ndipo mukamawerenga mumva chifukwa chake.

Kuno kuzizira kwayamba, masamba akuyoyoka. Mwana wathu Olivia wakwanitsa zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo ndikamulankhula Chichewa amandiyankha m'Chingerezi ngati ndine mlendo pakhomo. Ntchito yanga ndi yomwe ija yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Pa tsiku ndimayendera nyumba zisanu, kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwakumbutsa mankhwala. Popanda galimoto ntchitoyi siyendeka, ndipo galimoto tili nayo imodzi yokha, yotuwa ija munaiona pachithunzi. Alamu anu a Howard amapita kuntchito ku Toronto pa sitima, choncho mkati mwa sabata woyendetsa ndine.

Nkhani ya kalatayi ndi galimoto imeneyo, komanso inuyo, nkhoswe wanga.

Mu Epulo bambo a Olivia anandiuza kuti injini yatopa, ikumwa oyilo, ikufunika kuiphwasula yonse. Ndinavomera, chifukwa utsi ndinkauona ndithu. Anaitengera ku galaja ya a Norbert, mnzathu wa ku Chipata amene amakonza magalimoto konkuno. Masabata asanu ndi awiri ndinayenda pa basi, achimwene, chikwama kumsana, mvula ikundinyowetsa pa siteji, agogo ena akundikalipira kuti ndachedwa. Loweruka lililonse, ndi Lamulungu tikangoweruka kutchalitchi, iwo ulendo ku galaja. Ine ndinkawalongedzera chakudya m'kontena n'kumawauza kuti Mulungu awapatse mphamvu. Ha! Uchitsiru ulipo wamitundumitundu.

Itabwera, sinali galimoto imene ndinkaidziwa. M'mawa kukazizira inkagogoda m'kati kwa mphindi zingapo. Pa maloboti inkanjenjemera. Petulo wamba anati isamwenso, koma wodula yekhayekha. Pansi pa chiwongolero panaoneka kaswichi kofiira, anati ndi ka magetsi a chifunga amene adzamange patsogolo. M'buti munali bokosi lamatabwa lokhoma ndi loko, anati ndi la masipanala, kuopa akuba.

Paja ine ndinakulira m'galaja ya malemu bambo monga inu nomwe. Ankatsuka mapulagi m'beseni ndani inu mutathawira kumpira? Khutu langa limadziwa injini ikasintha khalidwe.

Ndiye pa 14 Juni ndinakuimbirani, osati ngati makanika chabe, koma ngati nkhoswe. Ndinakuuzani kuti mtima wanga ukundiuza kuti amuna anga akundibisira kanthu. Ndinaika foni pa boneti kuti mudzimvere nokha. Munaseka, munati injini yongomangidwa kumene imalira choncho mpaka zitsulo zitazolowerana. Munatinso ndizithokoza Mulungu kuti amuna anga amaswera m'galaja pamene anzawo ali ku bala. Munandilangiza kuti ndisiye kufufuzafufuza, chifukwa banja ndi kukhulupirirana. Ndinachita manyazi kwambiri, ndipo madzulo ake ndinapepesa kwa bambo a Olivia chifukwa chowakayikira. Ndinapepesa, achimwene, ine!

Lolemba la sabata yatha m'mawa ndinkapita ndi Olivia kwa dokotala wa mano ku Whitby. Polowa mumsewu waukulu wa 401 pamafunika kuponda moto kuti ufanane liwiro ndi anzako. Kumbuyo kunkabwera chithiraki, ndiye ndinaponda mpaka pansi. Mayo ine! Galimoto inabangula, inandikankhira kumpando, matayala anaterereka, chiwongolero chinatsala pang'ono kundipulumuka. Tinadutsa kutsogolo kwa chithiraki chija n'kukalowa mzere wina umene sindinafune, woyendetsa akuliza hutala osalekeza. Mmene ndinaiwongolera sindikudziwa, Mulungu yekha. Olivia sanalire. Anangondifunsa ngati tikupitabe kwa dokotala, koma nditatembenuka ndinaona kuti mwana wadzinyowetsa.

Ndinatuluka pa mphambano yoyamba, ndinaima pa golosale ina, ndinatenga sipanala ya matayala n'kuthyola loko wa bokosi lija. Munalibe sipanala ngakhale imodzi. Munali botolo lachitsulo labuluu, lalikulu ngati lozimitsira moto, lomangidwa ndi malamba, kapayipi kake kolowera pansi kupita ku injini.

Ndinayendetsa pang'onopang'ono mpaka kwa a Norbert. Atandiona ndi mwana ali choncho anagwira pakamwa. Anandifotokozera kuti m'botolomo ndi mpweya wotchedwa naitirasi. Kaswichi kofiira kakakhala koyatsa, munthu n'kuponda moto mpaka pansi, mpweyawo umapopera mu injini, ndipo kwa timasekondi galimoto imapeza mphamvu zamisala. Ndi za mpikisano wa liwiro, magalimoto awiri kuthamangitsana pamsewu wowongoka wa mamita mazana anayi. Dzulo lake, Lamulungu masana, pamene bambo a Olivia anandiuza kuti ali ku msonkhano wa abambo, anali ku bwalo la mpikisanowo. Pobwera anaiwala kutseka botolo ndi kuzimitsa kaswichi.

A Norbert anapepesa mpaka anavula chipewa. Anati iwo ankaganiza kuti ndikudziwa zonse, popeza amene ankawatsogolera pa ntchito yonseyi ndi achimwene anga enieni a ku Lilongwe. Ndinawauza kuti asanditukwanire m'bale wanga. Ndinakuikirani kumbuyo, achimwene, pamaso pa munthu amene ankanena zoona.

Bambo a Olivia atabwera kuntchito ndinawauza zonse. Ndisawanamizire, anamukumbatira mwana n'kulira misozi yeniyeni. Koma misozi isanaume anayamba kudziteteza. Anati injiniyo inamangidwa mwaluso, osati mongoyerekeza. Anaikamo mapisitoni olimba, n'chifukwa chake imagogoda m'mawa. Maring'i ozungulira mapisitoniwo anawapala ndi tupa limodzilimodzi kuti mpata ukule, asamangike akatentha. Anasintha mapulagi, anaika pampu yaikulu ya petulo. Akuti cholinga chinali chakuti galimoto imodzi yomweyo izinditengera kuntchito Lolemba mpaka Lachisanu, Loweruka izikapikisana, ndipo cholakwa chawo n'chimodzi chokha, kuiwala. Pofuna kunditsimikizira kuti sanachite zosewera, anandipatsa foni yawo kuti ndimve katswiri amene ankawalangiza.

Ndinakhala pa tebulo n'kumvetsera mauthenga anu onse, kuyambira mu Malichi. Mawu anu omwewo, chifuwa chanu chomwecho, kumbuyo kukumveka nyundo za ku Biwi. Munawauza mmene angayezere mpata wa maring'i. Munawauza kuti ayambe ndi mpweya wochepa, aziwonjezera pang'onopang'ono. Munawauza kuti akatha kuthamanga azimasula mapulagi n'kukutumizirani zithunzi kuti muone mtundu wake. Bokosi lamatabwa lija linali nzeru yanu. Munati Mathilda asadziwe kaye, chifukwa ali ndi pakamwa ngati amayi, adzamva galimoto ikadzabwera ndi chikho.

Zonsezi ndikanazimeza mwina. Koma ndinapeza uthenga wa pa 14 Juni. Ndinayang'ana nthawi yake, ndinayang'ananso pafoni yanga. Panangodutsa mphindi khumi ndi ziwiri kuchokera pamene munatsanzikana nane. Munati mlamu achenjere, mkazi wayamba kununkhiza, koma asadandaule chifukwa mwamukhazika pansi kale. Munawauza kuti ndikafunsanso azinena zomwe munandiuza inu, kuti mawu anu asasiyane. Pomaliza munaseka. Kuseka kumeneko ndakubwereza kangapo, kufuna kumvamo manyazi ngakhale pang'ono, koma sindinawapeze.

Paja amati wakutsina khutu ndi mnansi. Khutu munatsina, achimwene, koma la mlamu wanu.

Ndikudziwa chimene chinakukokani. Zaka makumi awiri mwakhala mukuika zigamba pa maminibasi ndi zitsulo zotola, eni ake akukukakamizani kuti bola ifike ku Mchinji. Kuyambira tili ana munkalota kumanga injini yeniyeni, ya zitsulo zatsopano zotuluka m'mapepala. Mwayi unabwera kudzera mwa mlamu wanu, ndipo munaimanga ndi manja ake. A Norbert akuti ndi injini yabwino zedi, yoti munthu n'kunyadira. Mukanandiuza, mwina ndikanakana, mwina ndikanati mudikire tipeze galimoto yachiwiri. Mukanandiuza, ndikanadziwa ntchito ya kaswichi kaja, ndipo Lolemba lija ndikanakazimitsa ndisanamukweze mwana. Chinatsala pang'ono kutipha ndi kusadziwa kwanga, ndipo kusadziwako munakusamalira ndinu.

Kodi mukukumbukira tsiku la chinkhoswe changa ku Nathenje? Munavala jekete ya bambo, munalandira tambala, munadya nkhuku ndi nkhoswe wa kuchimuna anthu akululutira. Munalonjeza pamaso pa mabanja awiri kuti m'nyumba mwanga mukabuka utsi, woyamba kuthamanga ndinu. Kwa Howard kuli amalume ake amene amamuyankhulira. Ine kuno kutali ndilibe mayi, ndilibe azakhali, ndilibe khomo loti n'kuthawirako masana amodzi. Ndinali ndi nambala yanu basi.

Mmene zinthu zilili pano ndi motere. Botolo ndinalimasula ndekha, ndinakalisiya kwa a Norbert, ndipo ndinawauza kuti akalibweza m'galimoto imene imakwera mwana wanga, tidzakumana kwa abusa. Bambo a Olivia akuti ndawachititsa manyazi kwa anzawo. Mpikisano womaliza chaka chino, chisanu chisanatseke bwalo, uliko Loweruka la pa 25, ndipo akuti dzina analembetsa kale, zivute zitani apita. Ine ndikuti galimoto imene ndimadyera siipita. Masiku asanu ndi limodzi tsopano tikulankhulana kudzera mwa mwana, kuti kawauze adadi chakudya chapsa. Olivia akakwera galimoto amandifunsa kaye ngati ichitenso zija.

Lachinayi ndili pa nthawi yopuma, nditakhala m'galimoto panja pa nyumba ya agogo ena, zinandikwana. Ndinatulutsa foni kuti ndiitane nkhoswe, monga mmene mkazi aliyense amachitira. Chala chinapita chokha pa dzina lanu. Nditaliona, ndinabweza foni m'thumba n'kulowa kukawasambitsa agogowo.

Pempho langa ndi limodzi. Musandiimbire kuti mupepese, ndipo musawaimbire alamu anu kuti mukonze nkhaniyi, chifukwa sindingadziwenso zimene mungakambirane ndikadula foni. Mukwere minibasi mupite ku Nathenje kwa amalume a Edwin. Mukawauze ndi pakamwa panu zimene munachita, osachotsera, ndi za mphindi khumi ndi ziwiri zija zomwe. Mukatule unkhoswe wanga m'manja mwawo, ndipo muwapemphe kuti alankhule ndi a kuchimuna tsiku la 25 lisanafike. Ndikanatha kuwaimbira ndekha, koma unkhoswewo munaulandira anthu akuona, ndiye muubwezenso ndi miyendo yanu. Ine banja langa ndikulifunabe, n'chifukwa chake ndikufuna munthu woti akamandiuza kuti pirira, ndizidziwa kuti akunena za ine.

Amayi musawauze kuti Olivia anali m'galimoto, magazi angakwere. Akafunsa chifukwa chake mwatula, muwauze kuti munalakwa, zokwanira.

Uchimwene sindikukulandani. Tinayamwa bere limodzi, ndipo tsiku lina mtima ukadzazizira ndidzakufunsani za msana wanu ndi mtima wonse. Lero ayi, ndakwiya nanu, ndipo zikundiwawa kuposa za Howard.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti nsapato zofewa zija zili m'chikwama cha mayi Hilda. Moni kwa alamu anga ndi ana onse, kwa azakhali a ku Kawale, ndi kwa amalume mukakafika. Olivia akupereka moni kwa agogo ake.

Bambo a Olivia andiona ndikulemba. Kwa nthawi yoyamba sabata ino andilankhula okha, kufunsa kuti ndikulembera ndani. Nditawauza, anati ndikupatseninso moni wawo. Ndawayankha kuti nambala yanu ali nayo.

Ndine mlongo wanu,
Mathilda