Ntchafu Yakumanzere

Lachinayi, Chintheche. Tsiku lowawa.

Ndinapita kuchipatala ndi Ama, mayi anga, kukaonetsa bondo lomwe anandichita opaleshoni. Adokotala anayeza ntchafu zanga ndi tepi ngati ya telala. Yakumanzere yaonda ngati bango.

"Kankha dzanja langali ndi mwendo, mphwanga," anatero. Ndinakankha mpaka misozi, koma dzanja silinasunthe.

"Masewera olimbitsa mwendo aja umachita?"

Ama anayankha monyadira. "Ayi adokotala, sitimulola n'komwe kudzuka pamphasa. Timangomuthowa ndi madzi otentha."

Adokotala anapukusa mutu. Akuti minofu yafooka chifukwa chogona, ndiye mpira wa sukulu chaka chino ndiuiwale.

Tinabwerera kunyumba paminibasi. Pano ndikuwamva Ama kuseri akutenthetsanso madzi aja, akufwenthera. Ndikawakanira aliranso, ndikavomera, mwendowu sulimba...