Ufa wa Mafupa pa Kapinga wa Abambo

Skelbeck, Yorkshire
14 Epulo 1954

Okondedwa achemwali Doreen,

Ndikhulupirira muli bwino ku Adelaideko pamodzi ndi alamu ndi kamwana. Kuno tili bwino, kupatula bondo la abambo limene likumawavuta kukazizira.

Mukukumbukira munda wa kuseri kwa nyumba, uja tinkadzalamo mbatatesi nthawi ya nkhondo? Abambo ausalaza n'kufesamo mbewu ya kapinga, monga ankafunira amayi asanamwalire. Anagwada sabata yathunthu akutola timiyala. Mbalame sizikuvutanso, ndinamanga ulusi wakuda pa timitengo.

Koma m'mawa uliwonse tikumapeza maenje. Abambo akuti ndi Bosun, galu wa a Hepworth oyandikana nafe aja. Lolemba abambo ndi a Hepworth anakalipirana pampanda. Abambo anati galuyo anatengera mbuye wake, kukonda kufukula za eni. A Hepworth anati galu wawo ndi waulemu, sangadetse mapazi m'munda wa munthu wolephera kulima ngakhale kabichi. Anthu oti amwera tiyi limodzi zaka makumi atatu, lero sakupatsana moni.

Achemwali, wolakwa ndine. Abambo anandiletsa kuthira chilichonse, koma ndinaona nthaka ili yowonda. Ndinagula ufa wa mafupa n'kuwaza iwo atapita kutchalitchi. Ndinkangofuna kapinga amere msanga kuti asangalale.

Dzulo a Hepworth anandiitana pampanda n'kundionetsa mapazi m'dothi. Anati ndi nkhandwe, ndipo nkhandwe siikumba pachabe, yamva fungo la mafupa ikuyesa pakwiriridwa nyama. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ine ndinangoyang'ana nsapato zanga. Kenaka anati ndisade nkhawa, mwana wamkazi ndi bambo wake asayambane chifukwa cha udzu. Anandibwereka waya wa khola la nkhuku woti ndiyale pamwamba mpaka mbewu itamera.

Chimene chandisowetsa mtendere n'chakuti Loweruka a Hepworth akukamusiya Bosun kwa mlimi wina kutali, kuti mkangano uthe. Chimwalirireni akazi awo, galuyu ndiye amene amacheza naye m'nyumbamo.

Mukundidziwa, abambo akangokweza mawu ine ndimaiwala zonse zimene ndimafuna kunena. Ndinafuna kuti muwauze ndinu, poti inu amakumverani. Koma ndawerenga masiku, kalata yanu singafike Loweruka lisanakwane. Choncho ndiwauza ndekha mawa tikamamwa tiyi. Mawu ake ndawalemba pakapepala kuti ndisasokoneze.

Pempho langa ndi ili: mukalandira kalatayi, alembereni abambo. Musanditchinjirize ayi. Mungowauza kuti apite kwa a Hepworth akapepese, chifukwa zimenezo sindingathe kuwauza ine.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo kamwanako mukapsompsone m'malo mwanga. Mulungu akusungeni nonse. Mawa lidzakhala litadutsa kale pamene muziwerenga izi, komabe mundipempherere.

Ndine mng'ono wanu,
Enid